Ndimakudani, Bambo: Mmene Ndinapumira pa Ntchito ya Bandi

Ana anga, amene simunabadwe ndipo bambo anu sindinawasankhe, ndikulemba izi kuti mudzadziwe kuti mayi anu anagwirapo ntchito yolemekezeka. Ndapuma ndisanakwanitse zaka makumi awiri. Ena amadikira mpaka mawondo atayamba kulira, ine ndinaona zokwanira msanga. Za ubwana wanga sindinena, mulibe kanthu: ndinabadwira ku Torwood, ndinakula, basi. Dzina langa ndi Esinati, koma kuntchito ankanditcha Nyuzi, ati chifukwa ndikaona mphaka ndimabwera ndi nkhani ya kambuku. Limenelo ndi bodza. Ine ndimangofotokoza zinthu pa msinkhu umene zinayenera kukhala.

Febuluwale, mwezi wa zotsatira

Zotsatira za Fomu 4 zitatuluka ndinapeza kuti ndakhoza phunziro limodzi, ndipo ngakhale limenelo ndimakayikira kuti wochonga anali ndi njala, ankangofuna athane nazo. Amayi sanakalipe. Anangotenga foni n'kuimbira azakhali a ku Kwekwe, amene ankadziwa banja lina lofuna mtsikana wa m'nyumba, wochapa matewera a mapasa. Anandiuza kuti ndipita kumeneko pokhapokha nditapeza chochita china chooneka ndi maso. Mapasa amenewo sindinali nditawaona, koma ndinkawalota, ali ndi mano ngati a agalu.

Chinandipulumutsa ndi kiyibodi ya kutchalitchi. Lamlungu lina mnyamata wamtali anandidikira panja, nati iye ndi wa bandi ya Ana a Ng'anjo ya ku Mkoba, komboni ya mu Gweru, amaimba bezi, ndipo wa kiyibodi wawo wathawira ku Joni pamodzi ndi chingwe cha magetsi. Dzina lake anati ndi Kuda. Nditakauza bambo anga, anafunsa kawiri.

"Wati ndani?"

"Kuda, bambo."

"Makolo ake anamuona bwanji mwana ameneyo kuti amutche chidani?"

Apa ndikufotokozereni, chifukwa mwina inu mudzakula mukulankhula Chishona chokha ngati ana ambiri a kuno. Kwathu Chishona chimavulidwa pakhomo ngati nsapato. Agogo anachokera ku Angonia kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo bambo anasunga lamulo lakuti m'nyumba ndi Chichewa. Ndiye mudziwe kuti pa Chishona kuda munthu ndi kumukonda, koma pa Chichewa kuda munthu ndi kudana naye. Mawu ndi amodzi omwewo, koma akachoka m'nyumba mwathu n'kuwoloka msewu amatembenuka. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandilola, ati bandi yokhala ndi munthu wa dzina lotero singapite patali moti n'kunditaya.

Malichi mpaka Juni, m'galaja ya ku Mkoba

Ofesi yanga yoyamba inali galaja ya amalume ake a Kuda. M'makoma anakhomamo matiresi akale kuti phokoso lisatuluke, koma chimene sichinkatuluka ndi fungo. Magetsi ankabwera ngati mlendo wamanyazi, kusuzumira n'kubwerera, moti nyimbo ina tinaijambula theka Lachiwiri, theka sabata yotsatira, Kuda ali ndi chimfine, ndipo mukamvetsetsa bwino mumva bezi ikufwenthera. Kiyibodi imene anandipatsa inali ndi mabatani akufa kumanja konse. Ndinkaimba ngati munthu wowoloka mtsinje podumpha miyala.

Bwana wanga anali mukoma Rashi (mukoma ndi achimwene pa Chishona), woimba ndi wa gitala, mwini bandi. Munthu wosaseka, wovala jekete ngakhale dzuwa likusungunula phula. Nyimbo zake sizinali zovinitsa za sungura, sizinali za kutchalitchi, sizinali zija anyamata amakuwa mu kombi, minibasi za kuno. Zinali zofatsa, za gitala yolira ngati ikupepesa, zimene ana a kukoleji amamvera atatseka maso. Kampani yojambula analibe, zonse ankachita okha. Chimbale chawo choyamba chinali cha Chishona chokhachokha ndipo ana a kukoleji anachikonda, mpaka wolemba za nyimbo wina wa ku Harare anachitchula pa intaneti. Tsopano ankakonza chachiwiri, ndipo Rashi anali atalamula kuti chikhale cha Chichewa, chilankhulo cha bambo ake. Iye ankalankhula nafe Chishona basi. Anati anakulira ku Mkoba kwa amayi ake, Chichewa amangotola apa ndi apo.

Tsiku limene anatiimbira nyimbo yaikulu ya chimbalecho sindidzaliiwala, ngakhale atandichotsa ubongo. Anatseka maso, nayamba mofewa ngati akugoneka khanda: "Ndimakudani, bambo, ndimakudani, ngati utsi m'maso." Ine ndinaseka mpaka ndinagwera pa mabatani amoyo aja.

"Mukoma, mukudziwa zimene mukuimbazi?"

Anati akudziwa. Watenga "ndinokudai, baba", ndimakukondani bambo pa Chishona, n'kuwaveka zovala za Chichewa.

"Ndiye mwawaveka zamaliro. Mukunena kuti mumadana nawo bambo anu."

"Nyuzi yayamba," anatero Kuda. "Dzulo unati hwindi, kondakitala wa mu kombi, wakubera nsapato uli chiimire, koma unafika uli nazo kumapazi."

"Anabweza."

"Unonyepa, ukunama. Ku Torwood ana onse amasakaniza, palibe amene adzamve zimenezo."

Ndinayang'ana Rashi kuti mwina afunse bwino. Munthu ukamuuza kuti watukwana bambo ake mosadziwa, amadzidzimuka, amafunsa kuti ndiye ndinene bwanji. Iye sanafunse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kolasi ndi yako, uzindiyankha pamwamba. Imba." Ndinaganiza za mapasa a ku Kwekwe, n'kuimba. Koma kuyang'ana kumene kuja ndinakusunga.

Ogasiti, mwezi wa fumbi

Chimbale chinatuluka ndi dzina la nyimbo yomweyo, ndipo pachikuto panali chithunzi chakale cha mwamuna wovala ovolosi ataima kutsogolo kwa ng'anjo ya kampani ya zitsulo, nthawi imene inkafukabe utsi. Nkhopeyo ndinaizindikira pomwepo. Bambo ake a Rashi anali Che Amidu. Amakhala mizere iwiri kuchokera kwathu, amawotcherera mageti ndi mawilibala pansi pa kamthunzi ka malata, ndipo mbaula ya amayi anapanga ndi iwo. Anandidziwa ndili kumbuyo. Kuti ali ndi mwana ku Mkoba, palibe anali atandiuzapo, ndipo ine ndimadziwa zonse za ku Torwood, ngakhale zimene sizinachitike.

Olemba za nyimbo anachita misala. Wa ku Harare uja anati chimbalechi ndi mphatso ya chikondi kwa abambo onse amene ng'anjo inawadya unyamata n'kuwalavula. Anati utsi m'maso ndi misozi ya mwana wonyadira kholo lake. Wina wa ku Gweru anadandaula kuti n'chozizira, choyamba chinali kombi yothamanga, chachiwirichi ndi kombi yomweyo ili pa njerwa. Wina anatamanda kiyibodi, ati mtsikanayu ndi wodziletsa, amadziwa posiya mpata. Sindinadziletse ine. Mabatani anali akufa. Koma ndemanga imeneyo ndinawawerengera amayi kangapo, ndikuwonjezera pang'ono za Ulaya, ndipo foni za ku Kwekwe zinayamba zaleka.

Ku Torwood kunali kwina. Nyimbo ikalira mu kombi, achinyamata ankaimba nawo atagwira pachifuwa, koma akuluakulu ankangoyang'ana pawindo. Aliyense wa tsitsi loyera ankamva bwinobwino. Ndipo amene ankaiika kwambiri anali Che Amidu eni ake. Anaipempha kwa mwana wina kuti awaikire m'foni, n'kumailiza pa malata pawo tsiku lonse. Lachisanu potuluka ku mzikiti ankaimitsa anthu mmodzimmodzi, wina asanafunse n'komwe.

"Mwaumva mwana wanga? Wakulira kwa amake, Chichewa sadziwa. Akutanthauza cha Chishona chija. Mushe sterek, mwana ameneyu."

Mushe sterek ndi chilankhulo chawo cha kumigodi, kutanthauza kuti zabwino kwambiri. Anthu ankavomera kuti eya, ndi cha Chishona, ana a masiku ano. Palibe anawatsutsa. Bambo anga anandikoka pakhomo nati, "Iwe ndi pakamwa pakopo, usakayerekeze kuwauza kanthu." Ndinati ine ndiuzenji, iwo Chichewa anayamba kulankhula ine kulibe.

Seputembala, mwezi wokayikirana

Kenako pansi pa ndemanga ya wa ku Harare uja panalembedwa mawu ndi munthu wodzitcha Khutu la Torwood. Anati nonse mukuwomba m'manja osadziwa chimene mukuwombera, funsani aliyense wodziwa Chichewa, mwanayu akunena kuti amadana ndi bambo ake. Pofika madzulo nkhani inali m'mafoni onse. Olemba aja anatembenuka ngati sanalembepo kanthu. Wa ku Harare anati iye anamva kale kamdima kena m'chimbalemo. Wa kombi ya pa njerwa anati wachimveranso, ndi chakuya. Ena anati n'kulakwitsa chabe, ena anati n'dala, ndipo onse ankafuna kudziwa kuti zoona ndi ziti.

Ku galaja anandidikira ngati khoti. Kuda ndiye anali woweruza, wapolisi ndi mboni.

"Wa ku Torwood pano ndani? Wodziwa Chichewa ndani? Amene ananena zimenezi tsiku loyamba ndani?"

"Ndikanakhala ine ndikanalemba zambiri," ndinatero. "Mizere itatu yokha? Mukundinyoza."

Rashi sanandiimbe mlandu, sananditetezenso. Anangoti mpaka zidziwike, ndichoke pa kiyibodi ndizikagulitsa masikipa a bandi pa renki ya makombi ku Mkoba. Kumeneko ndiye kusamutsidwa kwanga koyamba, kuchoka ku likulu kupita ku chipululu. Ndinkaima padzuwa pakati pa mayi wa tomato ndi bambo wa mankhwala a makoswe, ndipo makoswe ankagulitsa kuposa ife. Amayi atamva anapukuta foni yawo fumbi. Anati mapasa ayamba kukwawa, banjalo likufunabe munthu.

Ndinayamba kukayikira aliyense. Kuda, chifukwa wofulumira kuloza chala amakhala ndi chifukwa, komanso ali ndi msuweni wake woimba kiyibodi. Uja wothawira ku Joni, chifukwa nsanje siifuna pasipoti. Wa ku Harare yemweyo, kuti ndemanga yake iwerengedwe kawiri. Ngakhale bambo anga ndinawayang'ana mokayikira tsiku lina akudya, koma foni yawo chimene imadziwa ndi tochi. Ndinafika pomadzifunsa ngati sindinalembe ndekha ndili m'tulo.

Tsiku lina masana ndinasiyira masikipa mayi wa tomato n'kupita kukafuna madzi kuseri kwa msika. Kumeneko kumakhala mayi wina amene amabwera ndi usipa kuchokera ku Malawi, ndipo ine ndimakonda kumudutsa kuti ndimve Chichewa cha kumudzi. Ndisanakhote ndinamva mawu a mwamuna.

"Amayi, usipawu ndi wa liti? Musandinamize, mitu yayamba kale kuyoyoka. Amayi anga ankaukonda wotere, koma wouma bwino, osati uwu."

Chichewa chosalala, chopanda chipsera, choti bambo anga akanachiitanira m'nyumba n'kuchipatsa mpando. Ndipo munamva inu mawu akuti ankaukonda? Munthuyo kukonda ankakudziwa. Ndinasuzumira. Jekete lija, padzuwa.

Anatembenuka ali ndi kapepala ka usipa m'manja, tinayang'anana. Sanayesere n'komwe kubwerera ku Chishona.

"Wamva chiyani?"

"Ndamva kuti Khutu la Torwood limakhala ku Mkoba, achimwene."

Aka kanali koyamba kumutcha achimwene m'malo mwa mukoma. Anandikokera pamthunzi wa shopu ina. Sanavomere, sanakane. Anandiuza kuti Chichewa anayamwira ku Torwood komweko, mpaka kampani itayamba kugwa. Ndiye bambo ake anasamukira kwa mkazi wina ku komboni ya Rutendo, iye ndi amayi ake n'kubwera ku Mkoba ndi katundu wa m'manja. Amayi ake anadwala nthawi yaitali. Iye anapita kukawauza bambo ake, kawiri.

"Anatani?"

"Anatumiza moni."

Ku maliro anabwera, anakhala kumbuyo, anachoka anthu asanadye. Mkazi wa ku Rutendo uja anadzawasiya, iwo n'kubwerera ku Torwood okha. Kuyambira pa maliropo Rashi anasiya kulankhula Chichewa ndi munthu aliyense wowadziwa.

"Ndiye bwanji osangopita kukawauza pamaso?"

"Ndawauza ndi gitala, dziko lonse likumva. Iwo akuyenda ndi nyimbo yanga m'thumba akuuza anthu kuti ndalakwitsa. A ku Harare anaisandutsa maluwa. Ndinene bwanji kuti imveke?"

Kenako anafika pa chimene ankafuna. Loweruka masana tinaitanidwa ku wailesi ina ya ku Gweru. Wofunsa adzafuna kudziwa tanthauzo, ndipo adzafunsa ine, chifukwa ndine wa Chichewa m'bandimo. Ndikayankhe zoona, momveka, kuti mawuwa alibe tanthauzo lina, ndipo amene anawalemba ankadziwa. Iye adzangokhala chete. Ndikatero ndibwerera pa kiyibodi, adzauza Kuda kuti si ine, ndipo Disembala tipitira limodzi kukaimba ku Harare.

"Ndikapanda kutero?"

"Masikipa ndigulitsa ndekha."

Ndinamufunsa ngati anandilemba ntchito chifukwa cha zala zanga kapena chifukwa ndimakhala mizere iwiri kuchokera kwa bambo ake ndipo ndili ndi pakamwa. Anati kiyibodi ndimaimba bwino. Yankho limenelo silinali la funso langa.

Okutobala, sabata ya wailesi

Lachinayi Che Amidu anandiitana ndikudutsa. Anakweza chigoba chawo chowotcherera n'kuchisiya pamutu.

"Mwanawe, akuti Loweruka muli pa wailesi?"

"Eya, bambo."

"Nthawi yanji? Ndaitana anzanga a ku ng'anjo, tikhala pompano. Wina abweretsa wailesi yaikulu." Anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale sanali onyowa. "Zija akulemba m'mafonizi ndazimva. Anthu ansanje. Iwe uli naye pafupi, ukudziwa kuti mwana uja Chichewa sadziwa. Si choncho?"

Ana anga, ine ndanamapo kwa aphunzitsi, kwa ansembe, kwa mahwindi osawerengeka, osaphethira. Koma apa lilime linakana. Munthu amene anamuphunzitsa mwanayo kulankhula ndi yemweyu, ankadziwa bwino kuposa ine. Sankandifunsa, ankandipempha. Ndinati ndachedwa, amayi andituma, n'kuthawa.

Masiku awiri amenewo ndinaonda mpaka siketi inayamba kuzungulira yokha. Ndikanena zimene Rashi akufuna, ndiye kuti ine Esinati, mwana wa pafupi nawo, ndawavula Che Amidu pamaso pa anzawo, koma ntchito ndasunga. Ndikanena kuti ndi chikondi cha Chishona, ndanamiza chigawo chonse cha Midlands, akuluakulu onse akudziwa kuti ndanama, Rashi wandichotsa, komanso ndawachitira mwano amayi ake amene ali m'manda. Njira zonse zinali ndi minga, ndipo kumapeto kwa ina kunali matewera.

Situdiyo ya wailesi inali yozizira ngati mochale. Wofunsa anali mayi wa mawu a uchi ndi maso a wapolisi. Anayamba ndi zofewa, za chimbale choyamba, za magetsi, za kujambulira m'galaja. Anawerenga ndemanga zija, yotamanda ndi ya kombi ya pa njerwa, Kuda n'kuyankha ngati nduna. Anaika nyimbo ija, ndinadzimva ndekha ndikuyankha kolasi pamwamba, mokoma, ngati mngelo wotumidwa kukatukwana. Itatha anatembenukira kwa ine, nafunsa m'Chishona kuti poti ndine mwana wa ku Torwood wodziwa chilankhulochi, ndiuze omvera kamodzi kokha: mawuwa akutanthauza chiyani, ndipo n'kulakwitsa kapena n'dala?

Kuda anandiyang'ana ngati wagwira mbava. Rashi anayang'ana pansi. Ine ndinaona kamthunzi ka malata kaja, madoda atakhala pa zitini mozungulira wailesi yobwereka.

Sindinamuyankhe mayiyo. Ndinatembenukira kwa Rashi, n'kulankhula Chichewa, maiki ili pakamwa.

"Achimwene, funsoli si langa. Chichewa mumachidziwa, munagula nacho usipa. Bambo anu ali pa malata paja akumvetsera. Mukafuna amve, auzeni nokha."

Pa wailesi sipafunika kukhala chete, koma panakhala chete woti galimoto zinaima mu Gweru monse. Mayi uja sanamve zimene ndinanena, koma anamva kuti pali nyama, ndiye anakankhira maiki kwa Rashi. Kuda anatsegula pakamwa osatseka. Rashi anandiyang'ana kuyang'ana kuja kwa m'galaja. Ndinaganiza kuti ayankha m'Chishona, anene kuti mtsikanayu amakokomeza zonse, ndipo aliyense akanamukhulupirira. Anakoka mpweya.

"Bambo," anatero, m'Chichewa. Anaima. "Bambo, mukudziwa chimene ndinaimba."

Zinathera pomwepo, mawu ena anakana kutuluka. Anavula mahedifoni n'kutuluka, jekete n'kuliiwala pampando. Mayi uja anaika nyimbo ina mofulumira, natifunsa kuti wati chiyani. Ndinati wapereka moni.

Kalata yondichotsa ntchito sindinalandire, bandi yathu inalibe mapepala. Kuda ndiye anandiperekeza ku renki. Pafupi ndi kombi anati, "Saka anga achiziva," kutanthauza kuti ndiye ankadziwa nthawi yonseyi. Ndinati ine ndinakuuzani mwezi wa Malichi. Anapepesa, koma anati Rashi wamutumizira uthenga kuti kiyibodi ndisaikhudzenso, Lolemba ayesa msuweni wake uja. Ndiye pa msuweniyo sindinalakwe kukayikira. Olemba za nyimbo anapitiriza kukangana, wina mpaka analemba kuti chete wa pa wailesi uja ndiye nyimbo yabwino kuposa zonse za m'chimbalemo. Palibe anatchula kuti chete ameneyo ndinapeka ndine.

Amayi anamvetsera pulogalamu yonse. Nditafika anali atandichapira kale zovala, chikwama chili pabedi. Lolemba ndinayenera kukwera ya ku Kwekwe, ndipo kuno n'kumene ndikulembera izi, mapasa akagona. Mano ali nawo, koma si a agalu kwenikweni.

Lamlungu, tsiku lotsanzika

Ndikanatha kuzungulira njira ina, koma miyendo inanditengera pa malata paja. Che Amidu anali okha, akuwotcherera geti. Zitini zokhalira zinali zikadali mozungulira, zopanda anthu. Foni yawo sinkalira nyimbo. Atandiona anazimitsa makina n'kukweza chigoba.

"Mwanawe, dzulo sitinamve kanthu. Magetsi anathima pulogalamu itangoyamba."

Dzulo lake amayi anasita zovala zanga masana onse, ndipo ife ndi iwo tili pa chingwe chimodzi cha magetsi. Ndinangoti pepani, bambo, magetsi a kuno ndi otero.

"Ndiye anakufunsa?"

"Anandifunsa. Ine ndinamupatsira mwana wanu."

"Iye anati chiyani?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinafotokoza nkhani pa msinkhu wake weniweni, osawonjezera ngakhale mchere. Ndinati anati bambo, mukudziwa chimene ndinaimba. Che Amidu anayang'ana geti lija nthawi yaitali, akukanda ndi chala pamene anali atangolumikiza.

"M'Chishona?"

"M'Chichewa, bambo. Chosapindika."

"Anati mukudziwa, kapena ukudziwa?"

"Mukudziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anandiuza kuti ndiwagwirire chitsulo china, chinkasuntha. Ndinagwira. Anatenga ndodo yowotcherera, n'kuibwezanso pansi.

"Kodi kombi za ku Mkoba masiku ano mumakwerera pati mukafika mu Gweru? Kale zinkaima pafupi ndi msika."

Ndinawauza pokwerera, potsikira, ndi kuti galaja ili kuseri kwa chigayo. Anati za galaja sanafunse, akungofuna kudziwa, pali munthu kumeneko akufuna geti. Ku Mkoba owotcherera ali pa ngodya iliyonse, ena amawotcherera ngakhale zinthu zosathyoka. Ndinagwiritsa chitsulo chija, iwo anatsitsa chigoba, nati nditseke maso.